Mutu 7: Njinga Yamoto ya M'njira Zoipa

Aliyense amene adakwerapo njinga yamoto kuchokera pamsewu wa phula n'kupatukira m'kanjira kopita kumudzi, makamaka m'mwezi wa Januwale pamene katondo wakhuta madzi ndipo magudumu a ngolo asiya tingalande m'njira monse, amadziwa bwino lomwe kuti makina omwe aja, amene ankamvera dzanja lake mosanyinyirika pa phula, amayamba kuchita zofuna zawo akangoponda dothi. Gudumu lakutsogolo limatsata ngalande m'malo motsata kumene mwini wake akulinga, lakumbuyo limavina uku ndi uku, ndipo mimba ya injini imagunda pamwala uliwonse wotumphuka. Chifukwa chake n'chosabisika: msewu wa phula ndi umodzimodzi kuyambira poyamba kufikira pomaliza, pamene njira ya m'thengo imasintha nkhope pakangopita mapazi khumi, apa mchenga, apo mizu, patsogolo pang'ono thanthwe loterera, kenaka dambo. Amisiri a makina, ataona kuti njinga imodzi singathe kukhutiritsa njira ziwirizi, adapanga mtundu wina wa njinga yamoto, wautali, wopepuka ndi wa matayala okakala, ndipo za mtundu umenewu ndizo tikambe m'mutu uno.

Chiyambi chake chili ku Britain, kumene m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 opanga njinga zamoto ankafunitsitsa kutsimikizira ogula kuti katundu wawo sangafere panjira. Mu 1909 kudayambika mpikisano wa m'mapiri a ku Scotland umene lero umatchedwa Scottish Six Days Trial, ndipo mu 1913, ku Carlisle, kudachitika koyamba mpikisano wa mayiko wa masiku asanu ndi limodzi, womwe kuyambira 1981 umadziwika ndi dzina lakuti International Six Days Enduro. Lamulo limodzi la mpikisano wachiwiriwu n'loyenera kulisunga mumtima, pakuti litithandiza kutsogoloku: njinga ikawonongeka, woikonza ndi yemweyo woikwera, ndi manja ake, ndipo nthawi imene wataya pokonzapo palibe womubwezera. Kwa anthu akale aja, kudziwa kuyendetsa ndi kudziwa kukonza lidali luso limodzi.

Mu 1924, ku Camberley, kummwera kwa England, kudachitika mpikisano wamtundu wina, wopanda oweruza oyang'anitsitsa ngati phazi la munthu lagunda pansi. Wofika msanga ndiye adali wopambana, basi. Masewera amenewa adaoloka nyanja, nakondedwa kwambiri ku Belgium, ku France ndi ku Netherlands, ndipo adatenga dzina lakuti motocross. Mpikisano wa magulu oimira mayiko awo, Motocross des Nations, udayamba mu 1947 ku Netherlands, ndipo pofika 1957 padali kale ukatswiri wa dziko lonse wa njinga za 500cc. Pa nthawi imeneyo mafumu a bwalo adali makina olemera a ku Britain, a BSA, Matchless ndi AJS, amene kwenikweni adali njinga za pamsewu zovulidwa nyali. Koma m'zaka za m'ma 1960 kudatulukira tinjinga topepuka ta CZ ya ku Czechoslovakia ndi Husqvarna ya ku Sweden, timene anthu ambiri adatipeputsa poyamba, ndipo pasadapite zaka zambiri zimphona zija zidagonja. Sizidagonje chifukwa chosowa mphamvu ayi; zidagonja chifukwa pamalo okumbikakumbika munthu amatopa ndi kulemera kwa njinga yake asadagwiritse ntchito ngakhale theka la mphamvu zake. Makampani a ku Japan adaliona phunziro limeneli. Yamaha idatulutsa DT-1 mu 1968, njinga ya 250cc yokhala ndi nyali, yoti munthu wamba apite nayo kuntchito pakati pa sabata ndi kuthengo Loweruka. Mu 1970 Joël Robert wa ku Belgium adapatsa Suzuki ukatswiri wa dziko lonse. Ndipo mu 1973 Håkan Andersson wa ku Sweden adapambana pa Yamaha yokhala ndi shoko imodzi yaitali kumbuyo m'malo mwa ziwiri zazifupi, kapangidwe kamene lero kali pafupifupi pa njinga iliyonse yamtunduwu.

Kuno ku Africa nakonso masewerawa ali ndi mbiri yawo. M'mapiri a ku Lesotho mumachitika Roof of Africa, mpikisano umene udayamba ndi magalimoto mu 1967, njinga zamoto n'kulowamo patapita zaka ziwiri, ndipo lero uli m'gulu la mipikisano yovutitsitsa padziko lonse. Ulendo wotchuka wa Dakar, umene Thierry Sabine adauyambitsa, udanyamuka ku Paris kumapeto kwa 1978 n'kukafika ku Senegal mu Januwale 1979, ndipo woyamba pa okwera njinga adali Cyril Neveu pa Yamaha XT500, njinga ya pisitoni imodzi yopanda zokometsera. Ngakhale mpikisanowo udasamukira ku South America mu 2009 ndi ku Saudi Arabia mu 2020, anthu a chigawo chathu chino sadauleke, pakuti mu 2024 Ross Branch wa ku Botswana adamaliza pa nambala yachiwiri.

Komatu kwa ife njinga ya m'njira zoipa idafika ngati chipangizo cha ntchito isadafike ngati chosewerera. Alangizi a zaulimi, ogwira ntchito zaumoyo, oyang'anira nkhalango, abusa ndi ansembe a mipingo ya kutali ndi tauni, onsewa akhala akudalira njinga zonga Yamaha AG100 ndi AG200, zimene poyamba zidapangidwira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand. Bungwe la Riders for Health, limene Andrea ndi Barry Coleman adaliyambitsa pamodzi ndi katswiri wa mipikisano Randy Mamola ataona magalimoto ndi njinga za zipatala za mu Africa zitangoimikidwa chifukwa chosowa chisamaliro ndi tizipangizo tating'ono, lakhala likunyamula pa njinga zamoto magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera kuzipatala zazing'ono za m'midzi ya m'Malawi kupita nazo kumene kuli makina oyezera. Okwera njinga amenewa sapikisana ndi munthu, koma njira zimene amadutsa m'dzinja sizisiyana kwenikweni ndi za ku Lesotho zija.

Tsopano tiyang'ane thupi la njingayo, pakuti chiwalo chake chilichonse chimayankha vuto lina la m'njira. Gudumu lakutsogolo limakhala lalikulu, la mainchi 21, chifukwa gudumu lalikulu limakwera pamwala ndi pamuzu pamene laling'ono likadagunda n'kuima. Lakumbuyo limakhala la mainchi 18 kapena 19. Magudumuwo ndi a masipoko, chifukwa sipoko imalola kupindika pang'ono n'kubwerera, ndipo ikathyoka imodzi mmisiri amaikapo ina, pamene gudumu lachitsulo choumba likang'aluka lathera pomwepo. Matayala ali ndi mano otalikirana oti azilowa m'dothi ndi kulavula matope. Mashoko a njinga zampikisano amatha kufupika ndi kutalika masentimita pafupifupi 30, ndipo injini ndi paipi ya utsi zimakwezedwa kutali ndi nthaka. Chotchingira matope cha kutsogolo nachonso chimakhala patali ndi tayala, ndipo amene adayendapo m'makande a kuchigwa cha Shire kapena a ku Phalombe mvula itagwa safunsa chifukwa chake, popeza adaona dothi lakudalo likumatirira pakati pa tayala ndi chotchingira chotsika kufikira gudumu litaleka kuzungulira. Koma walira mvula walira matope: zabwino zonsezi zimakweza chishalo, kotero kuti pa njinga zampikisano chimafika masentimita 95 kapena kupitirirapo kuchokera pansi, ndipo munthu wamfupi akaima nayo pamalo opendekeka phazi lake limasowa poponda.

Mitundu yake ilipo ingapo, ndipo kusaisiyanitsa ndiko kumene kwaliza ogula ambiri. Njinga ya motocross idapangidwira bwalo lotsekedwa ndi mpikisano wa mphindi zosaposa makumi anayi. Ilibe nyali, thanki yake ndi yaing'ono, mashoko ake ndi ouma chifukwa cha kulumpha, oyilo wake amasinthidwa powerenga maola osati makilomita, ndipo lamulo siliilola pamsewu. Ndi yokongola, ndi yaukali, ndipo kwa munthu wofuna kuyenda m'njira za kumudzi ndi yosathandiza konse. Ya enduro imafanana nayo maonekedwe, koma ndi yofewerapo, giya yake yoyamba ndi yotsika, ndipo ili ndi nyali. Ya trials, yolemera makilogalamu 70 okha kapena chapomwepo, ilibe ndi chishalo chomwe, pakuti ntchito yake ndi kukwera matanthwe pang'onopang'ono munthu ali chiimire. Palinso zimphona za maulendo aatali, zochokera ku mtundu wa BMW R80 G/S ya mu 1980, zimene lero zambiri zimapitirira makilogalamu 200. Pamsewu wafumbi wosalazidwa bwino zimayenda mwaulemu wake, koma zikagwa m'matope pamafunika kuitana mudzi. Pakati pa zonsezi pali njinga za ntchito ziwiri, za phula ndi dothi lomwe, za 125cc kufikira 250cc, pamodzi ndi za alimi zija, ndipo m'kuona kwanga owerenga buku lino ambiri ayenera kuyang'ana pamenepa.

Za injini, pali two-stroke ndi four-stroke. Mu two-stroke moto umaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikakwera, motero injiniyo ndi yopepuka, ya ziwalo zochepa ndi yamphamvu poyerekeza ndi kukula kwake. Koma oyilo wake amapsera limodzi ndi petulo, imafuka utsi, imamwa mafuta, ndipo yampikisano mphamvu zake zimabwera mwadzidzidzi. Mu four-stroke moto umaphulika kamodzi pisitoni ikakwera kawiri. Ili ndi mavalavu, ndi yolemererapo, koma imakoka mofatsa kuyambira pansi ndipo imasunga petulo. Kwa zaka zambiri mabwalo a motocross adali m'manja mwa two-stroke, kufikira pamene Yamaha idatulutsa YZ400F mu 1998 n'kubwezeretsa four-stroke pampando. Wophunzira ndi wapaulendo adzapeza mtendere pa four-stroke yaing'ono yoziziritsidwa ndi mphepo, imene ilibe rediyeta yoti ibooke njinga ikagwera pachitsa.

Posankha, funso loyamba si la njinga koma la thupi la woikwera. Munthu aigoneke pansi njinga imene akuifuna, naidzutse yekha, osati kamodzi kokha koma katatu, pokumbukira kuti m'thengo adzaidzutsa ali wotopa, pamalo oterera, popanda womugwirira. Akhalepo, naone ngati nsonga za mapazi onse awiri zikugunda pansi, kapena ngati phazi limodzi likuponda lonse. Davide, atavekedwa zida za Sauli, adazivula chifukwa sadazizolowere, natenga zimene dzanja lake linkadziwa. Chomwechonso mnyamata wogula 450cc yampikisano chifukwa cha kulira kwake kokoma amakhala akulimbana ndi njinga yake tsiku lonse, pamene mnzake wa pa 200cc akudutsa mwakachetechete. Mphamvu zoposa luso la mwini wake sizimufupikitsira ulendo. Zimangomufulumizitsa kufika pamtengo.

Funso lachiwiri, limene mabuku a kunja salilabadira kwenikweni koma kwathu kuno ndilo lalikulu, ndi ili: njingayi ikadzafera pamsika wa kumudzi Lamlungu madzulo, kodi makaniko wa pansi pa mtengo wa mango adzaidziwa, ndipo sipeya yake idzapezeka kuti? Njinga zamakono zopopera petulo ndi pampu yamagetsi ndi kakompyuta zimalira msanga m'mawa ndipo sizivutika pamapiri aatali, zoona. Koma petulo wogula m'zigubu m'mphepete mwa njira sakhala woyera nthawi zonse, ndipo kabuleta ikatsekeka imamasulidwa ndi sikuludiraiva n'kutsukidwa pomwepo, pamene pampu yamagetsi ikafa munthu amadikira katundu wochokera ku Lilongwe, ku Blantyre, mwinanso ku Johannesburg. Pa chifukwa chimenechi sindinyoza njinga za akabaza, zonga Boxer ya Bajaj ya ku India. Magudumu ake ndi aang'ono, mashoko ake ndi aafupi, ndipo sidapangidwire matanthwe. Komabe ndi yopepuka, yotsika, ndipo tcheni, pulagi ndi chingwe cha kilachi chake zimapezeka pafupifupi pamsika uliwonse. Chimene chimaipha kawirikawiri si njira, koma matumba atatu a chimanga ndi anthu awiri pamwamba pake. AG200 ija nayo ikuonetsa nzeru yomweyo m'njira ina: tcheni chake n'chotsekeredwa m'chikuto kuti fumbi ndi matope zisachidye, ili ndi ponyamulira katundu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi choimikira mbali zonse ziwiri.

Wogula njinga yakale akumbukire chikomekome cha mkuyu, pakuti mapulasitiki atsopano ndi otchipa kuposa injini. Afike m'mawa injini isadalizidwe, aikhudze ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira, ndipo aone ngati ikulira msanga ndiponso ngati four-stroke ikutulutsa utsi wabuluu, chizindikiro chakuti ikuotcha oyilo. Atsegule bokosi la sefa ya mpweya, napisemo chala kuseri kwa sefayo, chifukwa fumbi likapezeka kumeneko ndiye kuti lidalowa kale mu injini n'kuyamba kupala pisitoni. Agogode masipoko ndi sipanala. Olimba amalira mofanana, olefuka amayankha mogonthera. Agwedeze magudumu cham'mbali, ayang'ane ngati mashoko akutsogolo akukha oyilo, naonenso mano a magiya a tcheni ngati asongoka n'kupindika. Potsiriza ayerekeze manambala a pa chitsulo cha njinga ndi a pa injini ndi amene alembedwa m'mapepala a umwini, popeza njinga zamoto zimabedwa kwambiri, ndipo safunsa adadya phula. Ndalama zonse zisathere panjinga: helemeti yotseka chibwano, majombo ofika m'munsi mwa bondo ndi magolovesi ndi mbali ya mtengo wake, pakuti m'njira zoipa kugwa kulipo ndithu, ndipo zoyamba kulawa nthaka ndi manja, mawondo ndi akakolo.

Kayendetsedwe kake kamatsutsana ndi zimene mantha amauza munthu, ndipo n'chifukwa chake kamavuta. Njira ikaipa, mantha amati khala pansi, gwiritsitsa mahandulo, yang'ana mwalawo. Luso limati imirira pa zopondera, mawondo opinda pang'ono ndi opanikiza thanki, zigongono zotambasuka, manja ogwira mofewa, kuti njinga izigwedezeka pansi pa iwe osakugwedeza. Ndipo maso aziyang'ana patali, pamene ukufuna kudutsa, chifukwa njinga imapita kumene maso apita, ndipo woyang'anitsitsa dzenje amalowamo. Buleki yakutsogolo ndiyo yamphamvu ngakhale padothi, koma imafinyidwa pang'onopang'ono ndi zala ziwiri njinga ili yowongoka, osati kutswanyidwa pakona.

Mumchenga, monga wa m'tinjira ta kunyanja ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, mantha amanamanso. Gudumu lakutsogolo likayamba kuyendayenda, munthu amafuna kuchepetsa moto, ndipo akatero kulemera konse kumagwera kutsogolo, gudumulo n'kuzama n'kumugwetsa. Chofunika ndi kubweza thupi kumbuyo, kusunga moto kapena kuwonjezerako pang'ono, ndi kulola mahandulo kugwedezeka osalimbana nawo. Kuphwetsako matayala kumathandiza, ndipo okwera njinga zopepuka za m'thengo amayenda ndi mpweya wa pakati pa 12 ndi 15 psi. Koma wonyamula katundu kapena wodutsa m'miyala yakuthwa asatsitse chotero, kuopa kuti chubu chingatsinidwe ndi limu, ndipo pobwerera pa phula apopenso. M'katondo wonyowa nzeru yake ndi ina: giya yachiwiri, moto wosasinthasintha, njinga yowongoka, osagwira buleki mwadzidzidzi, ndipo gudumu likalowa m'kangalande, ndi bwino kukatsata kufikira katatha kusiyana ndi kuyesa kutulukamo cham'mbali.

Pachitunda, giya imasankhidwa munthu asadayambe kukwera, thupi n'kupendekera kutsogolo. Njinga ikalephera pakati, aizimitse ili m'giya kuti isabwerere chafutambuyo, atsikire mbali ya kumtunda, naitembenuze pang'onopang'ono n'kukayambiranso pansi. Potsetsereka, monga pamsewu wa Gorodi wotsika kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, wokhala ndi makona akuthwa pafupifupi 20, thupi limabwerera kumbuyo, njinga imakhala m'giya yotsika kuti injini izithandiza kugwira, ndipo kilachi sifinyidwa, pakuti woifinya wamasula njinga kuti ithamange yokha. Ndinenepo pano kuti tinjira timeneti tili ndi eni ake: amayi osenza madzi, ana opita kusukulu, mbuzi ndi nkhuku, ndi minda imene wina adaikhetsera thukuta. Wolowa m'mudzi amachepetsa liwiro, amalonjera, ndipo akafuna kudutsa malo achilendo amayamba wapempha kwa a mfumu. Kumanda ndi kudambwe sikuyandikiridwa ndi injini yolira.

Chotsalira ndi mtsinje, umene wapha injini zambiri kuposa miyala. Madzi amatope amabisa kuya kwake, motero munthu amatsika, naoloka ndi mapazi atatenga ndodo, kuti adziwe pamene pali dzenje ndi pamene pali mwala. Madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kukokolola njinga ndi mwini wake, ndipo oterowo amadikiridwa kuti aphwe. Malire enieni ndi pakamwa pa bokosi la sefa ya mpweya, pamene pa njinga zambiri pali pansi pa chishalo. Pooloka, giya ikhale yoyamba, moto wokhazikika, maso kutsidya. Njinga ikayamba kugwa, chala chithamangire pozimitsira injini isadamire, chifukwa madzi safinyika monga mpweya, ndipo pisitoni ikakumana nawo ili paliwiro imapinda mkono wake. Ikamira ndithu, isalizidwe. Aikokere kumtunda, achotse pulagi ndi sefa, aiimike gudumu lakutsogolo lili m'mwamba kuti paipi ya utsi ikhuthuke, akhuthulenso kabuleta, ndipo aponde kiki kambirimbiri kufikira pabowo la pulagi pataleka kutuluka madzi. Akatero aumitse pulagi ndi sefa n'kuzibwezera. Kenaka ayang'ane oyilo: akaoneka woyererako ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi afika m'kati, ndipo oyiloyo asinthidwe pamalo oyamba pamene angapezeke, n'kusinthidwanso kachiwiri injini ikayenda pang'ono.